Phazi la Tsekwe

Anabwera pa kabaza Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo,
atapingasa chinthu chachitali chokulunga m'nsalu,
moti anyamata anga anavula zipewa
poyesa kuti ndi maliro a mwana.
Anachigoneka pa benchi yanga, pakati pa utuchi ndi misomali,
nati iwo ndi Mayi Gu, kwawo ndi ku Koreya,
ndipo ichi amachitcha kayagumu.

Thabwa lopepuka ngati chiwale,
nsambo khumi ndi ziwiri za silika,
iliyonse itakwera pa kamtengo kake ka miyendo iwiri.
Timitengoto akuti ndi mapazi a tsekwe.
Limodzi linathyoka m'minibasi pa Kaphatenga
kondakitala atakhazikapo thumba la mpunga wa ku Lifuwu.

Ine ndimakhoma zitseko, madesiki ndi mabokosi a maliro.
Tsekwe ndinamuonapo, koma phazi lake sindinasemepo.
Ndinayesa mlombwa. Anakhudza nsambo napukusa mutu,
akuti ukukalipa.
Ndinayesa mbawa, akuti yameza mawu.
Tsiku lachitatu, mtima utayamba kuwira,
ndinatola chidutswa cha mango
umene mphepo inagwetsa kuseri kwa siteshoni ya sitima,
ndinachipala mpaka zala kutuluka matuza.
Anakhudza nsambo, nakhala kaye chete.
Loweruka mubwere ku holo ya parishi, anatero.

Ndinapeza Chikaiko, mwana wa a Kamphinda,
uja anabwerako kuseminale wopanda mkanjo
koma ndi vayolini m'khwapa,
ndi Sisitere Anastazia pa piyano yoguluka mano awiri.
Nyimbo anailemba okha Mayi Gu
pa mizere isanuisanu yonga mawaya a magetsi,
timadontho takuda titatera pamenepo ngati anamzeze.

Vayolini amakwera mawu ngati munthu wokwera masitepe,
phazi pano, phazi apo, osaterereka.
Kayagumu ayi.
Dzanja lamanja likatsina nsambo
lamanzere limaikanikiza kuseri kwa phazi la tsekwe,
liwu n'kupindika, n'kunjenjemera,
ngati mayi woitana mwana wake kutsidya kwa dambo.

Chikaiko anatsitsa uta wake.
Mayi, liwu limenelo papepala palibe,
lili pakati pa mi ndi fa, pamenepo sipakhala munthu.
Iwo anati, kwathu ndi pomwepo.
Anakangana mpaka Sisitere anapita kukamwa madzi.
Labala anatha, pensulo ndinawasongolera ndine ndi tchizulo.
Mayi Gu anafufuta mizere itatu
kuti piyano ipeze poponda,
nalola kayagumu kudikira kuwerenga kwa azungu,
wani, thuu, fili, folo,
ngakhale nkhope yawo inkaoneka kuti zikuwawawa.
Chikaiko naye, thukuta lili kamukamu,
anasiya chala chake chitsetsereke pang'ono
kulowa pamalo paja amati sipakhala munthu.

Sindinganene kuti zinakoma zonse.
Pena zinkamveka ngati mbuzi ziwiri pachingwe chimodzi.
Koma panali kamphindi, chakumapeto,
pamene nsambo yachisanu ndi chiwiri, yokwera pa mango wanga,
inalira, vayolini n'kuilandira m'munsi,
ndipo ine ndinamva bangwe wa bambo anga,
alonda a pajinale ya thonje,
amene ankaimba usiku kuti tulo lisawabe.
Nsambo zake zinali mawaya a mabuleki a njinga.
Atamwalira, thabwa lakelo ndinakhomera khola la nkhunda.

Ndalama ndinalandira, ndisaname,
ndinagula guluu ndi sandipepala.
Mayi Gu anakwera basi ya ku Lilongwe,
phazi limodzi la ku Salima lili pakati pa anzake khumi ndi mmodzi,
lofiirira pang'ono kuposa onsewo.
Lolemba anyamata anandipeza kuseri kwa nyumba
ndikuzula misomali pakhola,
nkhunda zili balala padenga,
ndipo palibe amene anandifunsa kanthu.